Mmene mungaonetsere kanema wa mbiri ya woimba kumudzi kwawo n'kutola zimene anthu anene

Kanema wa mbiri ya woimba banjo, bangwe kapena kaligo akafika kumudzi kumene woimbayo anakulira, anthu samuonera ngati mmene amaonerera mafilimu a karate m'vidiyo sho ya pa Chimbiya ku Dedza kapena pa Lizulu ku Ntcheu. Amaimba nawo, amalira, amaloza nkhope za anthu amene anagona kalekale, ndipo koposa zonse amatsutsa. Wina anena kuti nyimbo ija si ya malemuwa, anaitenga kwa atsibweni awo. Wina akuti chaka chalakwika. Mawu amenewa ndiwo muyenera kuwakonzekera, chifukwa kanemayo mukhoza kumuonetsanso mawa, koma agogo amene aimirira n'kutchula dzina la woomba ng'oma amene waiwalidwa sadzabwereza kawiri. Ambiri amathera nzeru zonse pa pulojekita, n'kubwerako ndi zithunzi za mitu ya anthu mumdima basi.

Pali chifukwa chake anthu akumudzi amadziwa zambiri kuposa kanemayo. Wailesi ya MBC inayamba mu 1964, koma wailesi yakanema ya dziko lino inadzatsegulidwa mu 1999. Oimba ambiri akale anamveka mawu okha, nkhope zawo sizinajambulidwe akuimba. Ochepa ndiwo anachita mwayi, monga Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka amene Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo, anawajambula pa filimu mu 1967. Ena zotsala zawo ndi matepi a pawailesi, kapena zimene wofufuza wina, Hugh Tracey, anajambula m'dziko muno mu 1950 ndi 1958, zomwe zimasungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Wopanga kanema amalumikiza tizidutswa timeneti ndi zithunzi ziwiri zitatu ndi mawu a anthu amene anawapeza tsiku limenelo. Mipata imakhalapo yambiri, ndipo eni kutseka mipatayo akhala pamphasa patsogolo panu.

Banja kaye, mfumu pambuyo

Musanabwereke chida chilichonse, muonereni kanemayo nokha kawiri, cholembera chili m'manja. Ulendo woyamba lembani mphindi imene nyimbo iliyonse yayambira ndi imene yathera. Ulendo wachiwiri lembani nkhope ndi zonena: pa mphindi 14 pali amayi awiri akuomba m'manja ndipo sanatchulidwe mayina, pa mphindi 31 wofotokoza wanena kuti woimbayu anakagwira ntchito ku Joni. Pepala limeneli musalitaye, ndilo lidzakupatsani mafunso onse.

Kenako pitani kubanja. Kwa Achewa a ku Dedza, mwini mawu pa za malemu si mayi wamasiye kapena ana okha, koma mwini mbumba, atsibweni kapena alongo awo a malemuwo. Ku Ntcheu, kwa Angoni a kwa Gomani, mabanja ena amatsata kuchimuna ena kuchikazi, ndiye musalote. Funsani poyera kuti wamkulu wa pabanjapo ndani, ndipo mukaonekere mbali zonse ziwiri. Ngati woimbayo anali wamitala, nyumba iliyonse muifike, ngakhale kanemayo atatchula imodzi yokha. Makamaka ngati watchula imodzi yokha.

Banjalo lionetseni kanemayo m'nyumba pa laputopu, kutatsala masiku atatu kapena anayi. Mayi wamasiye asakumane ndi nkhope ndi mawu a mwamuna wake koyamba pamaso pa khamu. Komanso abalewo ndi amene adzakuuzani pamene pali minga: nyimbo yakutiyakuti inkanyoza munthu weniweni ndipo ana ake ali kutsidya kwa dambo, uyu akuyankhula pa mphindi 20 anakangana ndi malemu pa nkhani ya ndalama. Zimenezi simuchotsa m'kanema wa eni, koma mudziwiratu kuti maikolofoni musaipereke kwa yani poyamba.

Kwa mfumu musalowe nokha. Tengani munthu wa pabanja paja, mudzere kwa nduna, ndipo m'manja musapite mopanda kanthu. Nyakwawa ndiye mwini bwalo, ndipo iyeyo ndi amene adziwitse gulupu ndi achitetezo a m'mudzi. Gwirizanani masiku awiri, osati limodzi, chifukwa zovuta zikagwa m'mudzimo kapena mudzi woyandikana nawo, palibe sipika imene ilire.

Ngati m'kanemayo muli gule wamkulu, muonetseni mfumu ndi akuluakulu a kudambwe gawo limenelo paokha. Gule akuvina pabwalo alibe mlandu. Koma ngati wojambula anatenga chilombo chikuvala kapena chitavula, kapena analowa kudambwe, kuonetsa zimenezo pamaso pa ana ndi osameta ndi mlandu wa mbuzi, ndipo mlanduwo ugwera inu amene mwabweretsa, osati wojambula amene ali ku Lilongwe. Akakana, dumphani gawolo ndipo mulembe mphindi zake.

Za malamulo n'zachidule. Mwini kanema akupatseni chilolezo cholemba, ngakhale uthenga wa pa WhatsApp umene mungausunge. Kuimbitsa nyimbo pagulu kuli m'manja mwa COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, ndipo kuonetsa mafilimu pagulu kuli pansi pa bungwe la Censorship Board. Afunseni musanalengeze tsiku, makamaka ngati mukufuna kulipiritsa pakhomo. Kumudzi kwa woimba mwini, kulipiritsa n'kudzidula miyendo: agogo amene mukuwafuna ndi amene atsale kunyumba.

Nyengo ndi ola

Dzinja musayese. Kuyambira Disembala mpaka Malichi anthu ali kumunda, misewu ya ku Tsangano ndi ku Kasumbu yaterera, ndipo mvula ya madzulo siuza munthu. Nthawi yabwino ndi anthu atakolola. Koma Juni ndi Julaye ku Dedza, kumene boma lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kumazizira koti ikamakwana 8 koloko okalamba onse alowa m'nyumba, ndipo zokambirana zanu mutsala nazo ndi anyamata. M'miyezi imeneyi pemphani tchalitchi kapena kalasi. Pabwalo pamakoma mu Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala. Ku Ntcheu pewani masiku a Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo kumayambiriro kwa Seputembala, ndipo kulikonse funsani za zinamwali, ziliza ndi tsiku la msika. Kunsi kwa phiri, ku Mtakataka, Golomoti ndi Bwanje, usiku ndi wofunda, koma konzekerani udzudzu.

Yang'anani mwezi. Mwezi wathunthu umafufutitsa chithunzi cha pulojekita yaing'ono. Sankhani masiku amene mwezi ukutuluka mochedwa. Kuno mdima umagwa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, kusiyana kwake n'kochepa. Lengezani 5 koloko, yambani 6:15. Mukachedwetsa mpaka 8, amayi apita kukapakula ndipo obwera m'malo mwawo ndi ochokera kumowa.

Magetsi, chinsalu ndi mawu

Werengerani magetsi papepala. Batire ya sola ya 12V 100Ah imasunga 1,200Wh. Ngati ili ya asidi musaikhetse kupitirira theka, mungaiphe, ndiye mwatsala ndi 600Wh. Inveta imadyapo yake, zotsala ndi 500Wh kapena kuchepera. Pulojekita ya LED ya 80W, laputopu ya 60W ndi sipika ya 60W pamodzi ndi 200W, kutanthauza maola awiri ndi theka. Kanema wa ola limodzi, kubwereza magawo ndi zokambirana, zithera pomwepo popanda chotsala. Njira yake ndi kutchaja laputopu ndi sipika masana kuti ziyendere mabatire awo, batire yaikuluyo isenze pulojekita yokha. Ikatero ifika maola asanu ndi limodzi. Pulojekita za babu, zimene zimapezeka m'masukulu ndi m'maofesi, zimadya pafupifupi 300W. Imeneyo pa batire imodzi sifika maola awiri, ifuna jenereta.

Jenereta ndi mdani wa zojambula mawu. Iikeni mamita 30 kuchokera pabwalo, kuseri kwa nyumba, mbali imene mphepo ikupita. M'kalasi kapena m'tchalitchi isalowe ngakhale kunja kukuwaza, utsi wake umapha mwakachetechete. Timajenereta ting'onoting'ono tosakaniza petulo ndi oyilo timafuna muyezo umene walembedwa pachivundikiro cha thanki. Ngati palembedwa 50:1, ndiye oyilo 100ml pa malita 5 a petulo. Lizani jenereta kaye, idekhe mphindi ziwiri, kenako lumikizani zida kudzera pa chotetezera magetsi. Kulumikiza musanalize ndiko kumaotcha mapulojekita. Nthambo yaitali ivundukuleni yonse pachokulungira chake, yokulungika imatentha. Polumikizira paliponse mangani jumbo, mame a ku Bembeke amagwa anthu asanabalalike. Thirani mafuta odzaza musanayambe, chifukwa pulojekita ya babu ikazimidwa mwadzidzidzi, fani yake isanaziziritse babuyo, moyo wa babu umafupika.

Chinsalu chabwino koposa ndi khoma lopaka laimu. Likasowa, tengani shiti yoyera ya bedi lalikulu, mamita awiri m'lifupi, muisite, mumange nsungwi kumwamba ndi kunsi, ngodya zonse zinayi muzikoke ndi zingwe. Popanda nsungwi yakunsi mphepo ya Mwera iisandutsa thanga la bwato. M'munsi mwa shiti mutalike mita imodzi ndi theka kuchokera pansi kuti mitu ya ana isatseke. Kuseri kwake tchingani ndi pulasitiki wakuda. Mukapanda kutero anthu akhala mbali zonse ziwiri, ndipo akuseriwo aona chithunzi chotembenuka, woimba akuliza banjo ndi dzanja lamanzere. Musadabwe wina akadzaimirira n'kulumbira kuti malemuwo sanali amanzere, kanemayu ndi wabodza. Mapulojekita ambiri amafuna mamita atatu kuti adzaze chinsalu cha mamita awiri. Manambala a kuwala olembedwa pakatoni ya pulojekita zotchipa musawakhulupirire, iyeseni usiku wa dzulo lake pamalo omwewo.

Komabe pa kanema wa woimba chithunzi n'chachiwiri. Anthu akhululuka chithunzi chofuwa, koma mawu a nyimbo akapanda kumveka ayamba kucheza zawo. Sipika imodzi ya mainchesi 12 imakwana anthu 150 kapena 200 ngati mwaikweza pamwamba pa mitu, pambali pa chinsalu. Yoikidwa pansi imagonthetsa ana akutsogolo, akumbuyo osamva kanthu. Besi itsitseni. Zojambula zakale n'zopyapyala, ndipo mukakweza besi ngati kudansi, mawu a woimba amira. Lumikizani ndi waya, osati Bluetooth, imene imachedwetsa mawu mpaka milomo ndi nyimbo kusiyana. Vuto lina limene limazunguza ambiri ndi loti mukalowetsa waya wa HDMI wopita ku pulojekita, laputopu imatumiza mawu ku kasipika ka m'pulojekita, sipika yaikulu n'kukhala chete. Lowani pa zosankha za mawu musinthe potulukira. Kanemayo akhale pa laputopu penipeni ndi pa fulashi yapadera, ndipo failo yake ikhale ya mtundu wa MP4. Fulashi yofomatidwa mwa FAT32 imakana failo yoposa 4GB. Intaneti musaidalire, m'mbali mwa msewu wa M1 kuyambira ku Dedza mpaka ku Biriwiri foni imatha kulumphira pa netiweki ya ku Mozambique osakuuzani.

Kukhazika anthu ndi kuyendetsa mwambo

Ana akhale kutsogolo, koma musiye kanjira pakati pamene pali pulojekita, ndipo mnyamata mmodzi wamkulu ntchito yake ikhale yolondera tebulo limenelo basi. Mipando ya mafumu ndi abale ikhale pambali chakutsogolo, kufupi ndi sipika koma osati pakamwa pake. Amene ankaimba ndi malemu, ngati alipo, apatseni mipando pamodzi ndi abale. Kuwasiya aimirire kumbuyo ndi chipongwe chimene mudzachimva m'mawu awo onse usiku umenewo.

Wotsogolera mwambo akhale wa m'mudzimo, wodziwa mfunda wa aliyense, woti akhoza kunena kuti "A Nangozo, inu munali pomwepo, tatiuzani" kapena "A Phiri, mwamveka, tiyeni timveko kwa amayi." Mlendo sangadule mawu a munthu wamkulu osalakwa. Pemphero, mawu a mfumu, mawu a banja, zonse zisapitirire mphindi 15. Asanazimitse nyali, wotsogolerayo alengeze momveka kuti pali mafoni amene akujambula mawu, aloze pamene ali, ndipo anene kuti wosafuna kujambulidwa akhale mbali inayo.

Onetsani kanema yense osaimitsa. Anthu akayamba kuimba nawo, musakweze sipika kuti muwapose, itsitseni pang'ono. Kuimba kumeneko ndi ndemanga yoyamba, ndipo nthawi zambiri amaimba ndime zimene m'kanemamo mulibe. Ena adzanyamuka kukafupa pachinsalu ngati woimbayo ali moyo. Ikanipo lichero, ndipo pamapeto ndalamazo ziwerengedwe poyera n'kuperekedwa kwa mwini mbumba. Zikalowa m'thumba mwanu, ngakhale mutati n'za mafuta a jenereta, mbiri yanu yathera pomwepo.

Kanema akatha musayatse nyali msanga, ndipo musalankhule. Perekani mphindi imodzi kapena ziwiri. Olira apukute misozi mumdima.

Kujambula ndi kufunsa

Mafoni awiri akwana. Yoyamba imangiriridwe pamtengo wofika m'chiuno pafupi ndi mphasa za amayi, kutali ndi sipika, ndipo ijambule kuyambira pemphero mpaka pomaliza osaimitsa. Imeneyi ndiyo imatola zong'ung'udza, mayina otchulidwa mwadzidzidzi ndi nthungululu. Poti yajambulanso mawu a kanemayo chapansipansi, mudzadziwa kuti mawu akuti "Uyo ndi Nabanda uyo!" ananenedwa pa mphindi iti. Yachiwiri iyende ndi wofunsa. Zonse ziwiri zikhale pa airplane mode, chifukwa wina akakuimbirani kujambula kumaduka. Vekani sokosi yoyera kumene kuli maikolofoni kuti mphepo isaombemo, ndipo muigwire chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa pa wolankhula. Ngati pulogalamu yanu yojambulira ikulola mtundu wa failo wa WAV, sankhani imeneyo. Ola limodzi pa 48kHz, njira imodzi (mono), limadya pafupifupi 350MB, ndiye onetsetsani kuti malo alipo. Ngati mukufuna nkhope, babu ya LED ya 9W pansungwi, kutsogolo kwa wolankhula osati kumbuyo kwake, ndi yokwanira.

Funso loti "Mwamuona bwanji kanemayu?" ndi lotaya nthawi. Yankho lake ndi limodzi: "Ali bwino kwambiri, tathokoza." Munthu wakuno sanyoza chimene mlendo wabweretsa, makamaka mfumu ili pomwepo. Bwererani ku pepala lanu lija. Bwezani kanema pa mphindi 14, muimitse chithunzi, wotsogolera afunse kuti "Amayi awiriwa ndi ayani?" Imitsani pamene pakuoneka banjo, mufunse kuti anapanga ndani, chikopa n'cha nyama yanji, mawaya anawatenga kuti. Pamenepo madoda amene anakhala chete ayamba kulimbana, wina akuti chigubu cha oyilo, wina akuti poto wakale, wina akufotokoza mmene ankasomolera waya wa buleki ya njinga. Lizaninso nyimbo imodzi, mufunse kuti "Munaimva koyamba kuti, pa ukwati wa yani, pamowa wa kwa yani?" Funso la malo limatsegula pakamwa kuposa funso la maganizo. Lomaliza likhale lakuti "Chasowamo n'chiyani?" Limeneli limalola munthu kudzudzula popanda kuoneka wamwano.

Zaka musafunse ndi manambala. Agogo akakakamizidwa atchula chaka chilichonse kuti akusangalatseni. Gwiritsani zikhomo zimene aliyense amakumbukira: njala ya 1949, ufulu wa 1964, kusintha kwa ndalama kuchoka pa mapaundi kupita pa kwacha mu 1971, kuimitsidwa kwa Wenela, yolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni, mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, kubwera kwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anadzaza Dedza ndi Ntcheu kuyambira cha m'ma 1986, riferendamu ya 1993, njala ya 2002. "Nyimboyi inatuluka tikugwiritsa mapaundi kapena makwacha?" Akayankha, funsani chikhomo china chapafupi, mpaka chakacho chipanikizike pakati. Akati anaimva ali ndi pakati pa mwana wakutiwakuti, funsani chiphaso cha mwanayo.

Zimene zimavuta

Mkangano wa mwini nyimbo subwera mwa apo ndi apo, umabwera pafupifupi nthawi zonse. Oimba akumudzi ankatola nyimbo za pamtondo, za ngoma, za chimtali ndi za pamaliro n'kuziika pa banjo, ndipo panthawiyo palibe ankaona cholakwa. Lero munthu akaona dzina limodzi lokha pachinsalu, mtima umamupweteka. Inu si bwalo la milandu. Jambulani mbali zonse, funsani wotsutsayo aimbe mmene ankaimbira kwawo, muthokoze, mupitirire. Kuimbako n'kofunika kuposa chigamulo.

Nkhani ya ndalama nayo siilephera. Wina afunsa kuti nyimbo zimalira pawailesi zaka zonsezi, nanga banja likugoneranji m'nyumba yothonya, ndipo maso onse atembenukira kwa inu. Yankhani zoona zokhazokha: amene wakulipirani ulendowu, ngati alipo, ndi zoti pakhomo simunatolere kanthu. Musalonjeze malata kapena chiliza. Chothandiza n'kuuza banja, mawa lake paokha, kuti lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza nyimbo mpaka zaka 50 mwini wake atamwalira, ndipo kuti apite ku COSOMA akafunse ngati malemuwo analembetsa ndi amene analembedwa kuti azilandira.

Nyimbo za nthawi ya Kamuzu zimagawa bwalo. Ena aimba ndi chisangalalo, ena akumbukira makadi okakamiza ndi abale amene anatengedwa usiku. Wotsogolera abweze nkhani kwa woimbayo: ankaimba mwa kufuna kwake kapena ankachita kutengedwa pa lole? Zikayamba kulowera ku zipani za lero, lizani nyimbo ina.

Woledzera asapatsidwe maikolofoni m'manja. Wofunsa ndiye agwire nthawi zonse, kwa aliyense, kuti pasaoneke tsankho. Koma musamuthamangitse msanga. Oimba ambiri akale ankaimbira pamowa, ndipo amene ankakhala nawo usiku wonse ndi anthu omwewa. Lembani dzina lake, mukamupeze m'mawa.

Achinyamata adzaseka mathalauza otambalala kumapazi ndi mano a agogo. Asiyeni. Afunseni paokha kuti ndi nyimbo iti imene angaike m'foni, ndipo amene amaimba kwaya kapena kujambula nyimbo pa kompyuta muwalembe, ndiwo adzafune mawu ake olembedwa.

Ntchito yeniyeni ili m'mawa

Usiku pabwalo amalankhula ndi amuna, mafumu ndi olimba mtima. Mayi sangatsutse wofotokoza m'kanema apongozi ake aamuna atakhala apo. Choncho gonani m'mudzimo. M'mawa, anthu akabwerako kudimba, yendani ndi laputopu khomo ndi khomo kwa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene foni yoyamba ija yawatola akung'ung'udza. Amayi muwapeze paokha, wofunsa akhale mayi mnzawo, pakhonde kapena pamene akusola chimanga. Khalani pansi, musaimirire. Yambani kujambula ndi dzina, mudzi, tsiku, ubale wawo ndi woimbayo, ndi funso lakuti "Agogo, mukulola kuti mawu anuwa akamveke kwa anthu ena, pawailesi kapena pa intaneti?" Yankho lawo lijambulidwe. Akati dzina lisatchulidwe, lembani pomwepo m'kope.

Apa ndi pamene pamatuluka zimene usiku zinabisika. Mayi wina alowa m'nyumba n'kutulutsa chithunzi m'Baibulo kapena kaseti m'sutikesi. Chithunzicho chijambuleni pomwepo ndi foni, pamthunzi, chitagona pansalu yakuda, kutsogolo ndi kuseri komwe, chifukwa kuseri kumakhala chidindo cha situdiyo kapena tsiku. Musachitenge. Kaseti musailize mu wailesi yakale ya pakhomopo, lamba wake akhoza kutafuna tepi. Gwirizanani tsiku lodzabwera ndi makina abwino, kapena mupite limodzi ndi mwini wakeyo kumene kuli makinawo.

Musafulumizitse munthu wokalamba. Akakhala chete, werengani mpaka khumi mumtima musanafunse china. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mawu ofunika amabwera pambuyo pa chete ameneyo.

Ndemanga za pa intaneti

Okonda woimbayo ambiri ali ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Johannesburg ndi kutsidya ku Angónia. Ngati mwini kanema walola, dulani kachidutswa ka masekondi 60 mpaka 90, kochepera 10MB kuti kasadye bandulo ya anthu, muike pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp a anthu akumudzi. Pamwamba pake lembani funso limodzi lenileni, ngati lija la pabwalo, osati "Ndemanga zanu." Pemphani mauthenga a mawu, chifukwa amene akudziwa zambiri ndi amene salemba msanga. Ndemanga za "RIP legend" ndi timitima n'zosangalatsa banja, ziwerengereni abalewo, koma zilibe chokuphunzitsani. Sakani zimene zatchula malo, dzina kapena chaka, mumulembere munthuyo kumbali. Jambulani ndemangazo pa sikirini tsiku lomwelo, eni ake amafufuta mkangano ukabuka. Nkhope ya munthu akulira musaiike pa intaneti ngakhale atavomera usiku uja, mufunseninso masana.

Kusanja ndi kubweza

Pasanathe sabata koperani zonse malo awiri, ndipo failo iliyonse ikhale ndi tsiku, mudzi ndi dzina, osati "Recording 47." Mverani zonse ndi kope la mizere inayi: mphindi ya m'kanema, zimene zanenedwa, wonena, ndi wina amene wavomereza. Chimene anena anthu awiri osachokera nyumba imodzi, amene munawafunsa paokha, chiikeni pa zokonza zoti mutumize kwa wopanga kanema. Chimene wanena munthu mmodzi chisungeni ndi dzina lake, musachitaye ndipo musachilengeze ngati choona. Zokhudza matenda a malemu, ana a kunja ndi ufiti zikhale m'failo yapadera imene situluka popanda mawu a mwini mbumba.

Wopanga kanema mumutumizire mndandanda wa zokonzazo ndi mphindi zake, mwaulemu, pamodzi ndi mayina a anthu amene anaoneka osatchulidwa. Kuwonjezera mayina kumapeto kwa kanema ndi ntchito ya ola limodzi pa kompyuta, ndipo ambiri amavomera.

Kenako bwererani kumudzi ndi mamemore khadi atatu: ya banja, ya mfumu, ndi ya sukulu kapena tchalitchi chimene chinakubwerekani malo. Mawu a anthu muwasinthe akhale MP3, chifukwa timawailesi ta memore khadi ndi mafoni a mabatani amene ali m'midzimo ambiri satsegula WAV. Muikemonso zithunzi zija munajambula. Yesani khadi iliyonse mu wailesi ya pakhomopo musanatsanzike, ndipo ngati banjalo lili ndi nyumba ziwiri, makhadi a banja akhale awiri.